Nsalu za pa Magalasi

Msuzi wa nkhuku wopanda mchere unabweranso, ndipo Velichka anaumwa ndi kapaipi ngati khanda. Kutafuna kunali koletsedwa. Kuwerama koletsedwa, kugona chammbali koletsedwa, ngakhale kuseka kumene. Dokotala yemwe anamukoka khungu la kunkhope kuti makwinya achoke ananenetsa kuti mtima ukangothamanga, mabala adzakha magazi mkati, ntchito yonse n'kuwonongeka. Choncho mayi wamkulu ndithu ankangokhala tsonga pamapilo atatu m'nyumba yake ya pansanjika mumzinda wa Plovdiv, mutu uli m'bandeji, masaya atatupa ngati mabanzi.

Womusamalira anali mkulu wake, Donka. Ndiye anakamutenga kuchipatala, ndiyenso anamulanda foni ponena kuti imaweramitsa khosi. Pofika kunyumba Velichka anapeza magalasi onse ataphimbidwa, la m'bafa ndi thaulo, la pakhonde ndi nsalu yapathebulo.

"Achemwali, mwaphimba magalasi ngati pamaliro," anatero movutikira, milomo ili gwa. "Kodi ndaipa chotere?"

"Wodwala sadziyang'ana. Imwa msuziwo," anayankha Donka. Sanaseke, koma Donka sanali munthu woseka kuyambira ali mtsikana. Ngakhale zovala ankakonda zakuda zokhazokha.

Kutupa kunali kopiririka. Chomwe chinkamudya Velichka ndi mwamuna wake, Zahari. M'mawa wa tsiku la opaleshoni anakangana zoopsa. Bamboyo anaima pakhomo atavala mapatapata n'kunena kuti, "Nkhope yomwe ndinakwatira ndi imeneyi. Makwinya enawo ndinakupatsa ndine, ukawataya kuti?" Velichka anamenyetsa chitseko n'kukakwera takisi yekha. Kuchokera tsiku limenelo sanamuonenso. Donka anati alamu ake anapita kumudzi kukakolola mphesa.

Mphesa! Mkazi wako ali ndi ulusi kuseri kwa makutu, iwe uli kumphesa. Velichka ankatukwana chamumtima, poti kutukwana mokweza nakonso kunali koletsedwa. Munthu wamakani uja anachoka atapsa mtima mpaka kusiya mankhwala ake a mtima pathebulo, pambali pa magalasi ake owerengera. Masana ankakwiya naye. Madzulo mkwiyo ukatha ankatsala ndi mantha, kuti mwina atabwera adzamuyang'ana ngati mlendo, kapena sabweranso n'komwe. Anali atatopa, kutopa kwenikweni, ndipo ankangofuna kumva makiyi ake pachitseko.

Choncho anatsimikiza mtima kuchira bwino kuti amuchititse manyazi. Mankhwala ankamwa pa nthawi yake. Ankayenda pang'onopang'ono kuchoka kuchipinda kukafika kukhitchini, khosi lili njo, osakhudza makatani kuopa dzuwa. Donka ankamuika nsalu yozizira m'masaya, kumusambitsa mutu mosamala, kumupatsa yogati ndi kasupuni kakang'ono. Anansi akagogoda, Donka ankatuluka, kutseka chitseko, n'kukanong'onezana nawo pamasitepe. Velichka ankayamikira, chifukwa sankafuna kuti amayi a m'nyumbamo akamuone ali chotupa n'kukamusandutsa nkhani kumsika.

Kanyali ka patsogolo pa chithunzi chopatulika cha Mariya sikankazima. "N'kopempherera iwe," anatero Donka, maso ali psuu. Nayenso anali atatopa, nkhalamba yogona pasofa.

"Zahari waimba foni?" anafunsa Velichka.

"Kumudzi mafoni savuta kudula. Usalankhule kwambiri, ung'amba ulusi."

Kutupa kunayamba kuphwa. Mabala akuda a m'masaya anasanduka achikasu, kenako n'kuzimiririka. Tsiku lina namwino wa kuchipatala anabwera ndi kachikwama kake, anachotsa ulusi wotsala, anamupima magazi, n'kumutembenuza chibwano uku ndi uku.

"Mayi, mwachira mochititsa kaso. Odwala onse akanakhala omvera ngati inu, bwenzi tikupuma," anatero. "Zoopsa zatha. Tsopano mutha kuseka." Anaponya diso kwa Donka. "Ngakhale kulira mutha kulira."

Namwino atatuluka, Velichka anadzigwira kumaso ndi nsonga za zala. Khungu linali see, losalala ngati la pa utsikana wake. Kwa nthawi yoyamba mtima unapepuka. Anaganiza zovala diresi lake lobiriwira, kukwera basi ya kumudzi, kukaima pakati pa mphesazo n'kuona ngati nkhalamba yamakaniyo idzalimbe mtima kunena kuti sanakongole. Akadzangomwetulira, adzamukhululukira. Adzamutengeranso mankhwala akewo.

Anapita pakhonde, mapatapata a Zahari ali pomwe anawavulira, n'kugwira ngodya ya nsalu yapathebulo ija.

Donka anamugwira dzanja. Zala zake zinali zozizira.

"Achemwali, mwamva nokha. Akuti ndachira. Ndisiyeni ndidzione."

"Sindinaphimbire nkhope yako, Velichka," anatero Donka. "Alamu anakutsatira kuchipatala tsiku lomwelo. Mtima unaima ali pabenchi, akudikira kuti utuluke. Isiye nsaluyo, masiku makumi anayi a maliro awo sanakwane."