Wayifayi ya kwa a Yotam

Panali munthu wina m'mudzi wa kuseri kwa Champhira, dzina lake Yotam. Nkhaniyi ndi yoona, amene ananditumizira akuti pamaliro a mayi ake a Yotam anakhalapo.

Yotam ankakhala ndi mayi ake okalamba, a Nyalungu, amene miyendo inali itawakana. Mng'ono wake Chawanangwa anali ku Joni zaka zambiri, ndipo mapepala ake sanali bwino moti sakanatha kubwera kumudzi. Mudziwo netiweki imagwira pachulu pokha, ndiye gogo wosayenda angakwere bwanji chulu? Chawanangwa anatumiza pabasi rauta, kamakina kogawa intaneti, ndipo mwezi uliwonse ankaigulira bandulo ali komweko, kuti azionana ndi mayi ake pavidiyo.

Yotam anaitana Habibu, wokonza mafoni wa pa Jenda. Habibu anamangirira mlongoti pansungwi, n'kulumikiza rauta ku sola, kagetsi kobiriwira n'kuyaka. Atayamba kuika pasiwedi, Yotam anamugwira dzanja.

"Zachinsinsizo chotsani. Anthu azinena kuti Yotam ngwomana?"

"Bwana, kugawana sikoipa," anatero Habibu. "Koma ndikutsegulireni mbali ya alendo, yokhala ndi malire ake, ya amayi ikhale yokiya. Foni ikalowa kamodzi, ikabweranso imalowa yokha osagogoda."

"Mbwenu ilowe! Pano m'pakhomo panga."

Mkazi wake Towera naye anayesa. "A Yotam, chinthuchi mwini wake ndi mlamu. Anatumizira amama, osati mudzi wonse." Yotam anamuuza kuti za makina azisiyire amuna.

Ndiye munthu anatchuka ngati wakumba mjigo. Pansi pa mango a pakhomo pake sipankasowa anthu, ena akuonera mpira, ena mafilimu, ena akulankhula ndi amuna awo a ku Joni. Aliyense podutsa ankawomba m'manja: "Yewo chomene, a bwana Wayifayi." Yotam ankayenda chifuwa chili patsogolo, ndipo sanauzepo munthu kuti rautayo si yake. Bandulo ikatha mwezi usanathe, ankanamiza mng'ono wake kuti makina a masiku ano amangodya okha.

Tsiku lina a Nyalungu anadzuka atafooka kwambiri. Mukudziwa mmene timachitira kwathu kuno, matenda akakula mudzi wonse umabwera kudzazonda. Pofika masana amayi a mvano anali atadzaza pakhonde, azibambo ali pansi pa mango. Aliyense anali ndi foni m'thumba kapena pachitenje, ndipo mafoni onsewo ankaidziwa rauta ija. Analowa okha monga ananenera Habibu, n'kuyamba kukoka mavidiyo a m'magulu eni ake ali phee.

Gogo anatsegula maso. "Mundiitanire Chawanangwa. Ndili naye mawu."

Yotam anaimba. Nkhope ya Chawanangwa inaoneka, ali mu ovolosi ya kuntchito. Anangoti "Amama..." chithunzi n'kuuma, pakamwa pali chotsegula.

"Tulukani mukawauze anthu azimitse mafoni," ananong'ona Towera.

Yotam anafika pakhomo, n'kuona madoda a m'mudzi ndi akulu a mpingo, anthu omwe aja ankamutcha bwana. Manyazi anamugwira. Akanayamba bwanji kuwaletsa chinthu chimene ankadzitama nacho? Kukiya rauta sankadziwa n'komwe. Anabwerera m'nyumba n'kunena kuti ikhala bwino yokha.

Gogo sankadziwa za kuuma kwa chithunzi. Iwo ankangoona mwana wawo akuwayang'ana. Analankhula naye ndi mawu otsika, za munda wa kudambo, za ana ake, za kuti adzabwere adzaone pamene adzagone. Kenako anadikira yankho. Nkhope ija sinagwedezeke.

"Bwanji sakundiyankha?" anafunsa gogo. "Wandikwiyira? Chawanangwa mwana wane, ndapota, ndiyankhe."

Towera sanapirirenso. Anathamangira panja akukuwa kuti aliyense azimitse foni. Anthu anagwira m'matumba modabwa, ena akuti foni yawo sanaikhudze n'komwe. Pobwerera m'nyumba anapeza kagetsi ka rauta kali kofiira. Bandulo inali itatha.

Chawanangwa anathawa ntchito kukagula ina. Pamene kagetsi kankabiriwiranso, amayi a mvano anali atayamba kale nyimbo za maliro. Foni inalira, chithunzi chili bwinobwino tsopano, mawu akumveka ngati ali m'chipinda momwemo.

"Akulu, apatseni amama foni."

Yotam anapatsira mkazi wake foni ija. Towera ndiye anatembenuza foni kuti mlamu wake aone yekha nsalu imene anali atawafunditsa gogo.

Maliro atatha, Chawanangwa anaimbanso. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri Yotam. Anangofunsa kuti, "Ndinaona pakamwa pawo pakuyenda, koma mawu sindinawamve. Amama anati chiyani?"

Yotam anafotokoza za munda ndi za ana, akufuna kubisa zotsalazo. Koma mawu omaliza aja anamveka ndi onse amene anali m'chipindamo, ndipo akanamufika mng'ono wakeyo ndithu. Ndiye anamuuza.

"Anafunsa ngati unawakwiyira."

Mpaka lero Yotam akafuna kupita pa Jenda amadzera njira ya kumunda, kuopa kukumana ndi anthu. Rauta ili ndi pasiwedi tsopano, koma Chawanangwa saimbanso.

Phunziro: Chimene mwapatsidwa kuti chithandize munthu wina musachisandutse chogulira ulemu wanu. Mukaika wayifayi pakhomo, ikani pasiwedi, ndipo ngati mukufuna kugawira anzanu muwatsegulire mbali yawo yokhala ndi malire. Mverani amene akudziwa, ndipo manyazi asakutsekeni pakamwa pa nthawi yofunika kulankhula. Tumizirani abale anu nkhaniyi, makamaka amene ali ndi makolo kumudzi ndi ana kunja.