Mtima wa Bambo a Sungani

Lamba woyezera BP atayamba kufufuma pamkono wa amuna awo, mayi Mervis Nangozo anayang'ana kumbali. Sanafune kuti bambo Edson awaone m'maso. Pabanja pawo bodza la mayiwa silinkachedwa kugwidwa.

Nkhani yake inali iyi. M'mawa umenewo akuchapa, mlamu wawo Allan anaimba foni. Sungani, mwana wawo mmodzi yekhayo, wagwa pa njinga yamoto akutsetsereka ku Biriwiri ndi matumba a kachewere. "Wangothyoka mwendo, alamu. Ali ku boma, madokotala akumuona. Musathamange."

Mwendo umapola. Chimene chinawaumitsa pakamwa mayiwo ndi mtima wa bambo ake a mwanayo. Chaka chatha bambo Edson anagwa m'dimba khasu lili m'manja, ndipo namwino Hanifa wa pachipatala chaching'onochi anafotokoza bwinobwino: mtima uli ndi zipinda zinayi, koma ziwiri zam'mwamba za bambowa zimangonjenjemera m'malo mogunda. "Nkhani zodzidzimutsa ayi. Muziwasankhira zowauza."

Kuyambira pamenepo mayi Mervis anasanduka mlonda. Mchere anaubisa. Uthenga wa maliro ankaufikitsa pang'onopang'ono: lero wadwala, mawa wadwalika, mkuja ndiye watisiya. Nanga lero nkhani ya mwana wawo weniweni aiyambire pati? Anaganiza zokaiululira kuchipatala, namwino ali pompo.

Bambowo atangofika kuchokera kudimba, matope ali m'miyendo, mayiwo anati, "Tiyeni mukayezetse." Munthu amene kuchipatala mumachita kumukoka ngati ng'ombe yokana dibi, lero anangoti "tiyeni," n'kuvala jekete. Mayi Mervis anathokoza Mulungu chamumtima.

Pakhomo la chipatala mayiwo anamunong'oneza namwino zonse. Hanifa anawayang'ana nthawi yaitali ndithu. "Ndamva, amayi. Koma mudikire, nthawi yake ndikuuzani ine."

Tsopano lamba uja anaphwa. Namwino anagwira bambowo padzanja, akumvetsera ndi zala.

"Lero mtima ukudumphadumpha kwambiri, bambo. Mankhwala mwamwa?"

"Ndamwa, mwanangu."

Mayi Mervis anayamba kudzifunsa. Ngati mtima ukutere munthu asanamve kanthu, akamva zitha bwanji? Ambuye, mwana ali m'chipatala, musanditengerenso uyu.

"Poti mwabwera, nanunso bweretsani mkono," anatero namwino.

"Ine ayi. Wodwala ndi awa."

"Amayi, BP sigogoda pakhomo. Mwezi watha yanu inaposa ya bambowa, ndipo mankhwala simunabwere kudzatenga."

Zinali zoona, nanga akanakana bwanji? Anapereka mkono akung'ung'udza. Hanifa ataona manambala anapukusa mutu, anawapatsa m'bulu ndi madzi, n'kuwagoneka pabedi. "Mupume kaye. Simudzuka apa mpaka itsike."

Koma zinthu zake! Mwana ali yekha ku boma, mayi ake agona chagada kuwerenga malata. Anayamba kulongedza m'maganizo: bulangete lofiira lija, fulasiki ya tiyi, zitumbuwa pang'ono, poti Sungani chakudya cha m'chipatala sangachikhudze. Akakafika akamukalipira kaye, ameneyo samva, matumba atatu panjinga imodzi ngati lole. Akatero akamusambitsa kumaso. Ukwati wake ndi Rute angousuntha, asakalowe m'tchalitchi ndi ndodo.

Bambo Edson anakhala m'mphepete mwa bedi, chipewa chili pamaondo, maso pansi. Kenaka anayamba kuwasisita phazi akazi awo, chinthu chimene sanachitepo pamaso pa anthu. Mayiwo chisoni chinawagwira. Munthu wosalakwa, akudandaula za BP ya mkazi wake, osadziwa kuti mwana wake akubuula ndi ululu.

Patapita nthawi namwino anayezanso. "Yatsikako. Tsopano mutha kulankhulana." Sanatuluke. Anangotseka chitseko n'kuima pafupi.

Mayi Mervis anadzuka, anagwira manja onse awiri a amuna awo, nasankha mawu ofewa kwambiri amene anali nawo.

"Bambo a Sungani, musadzidzimuke, chonde. Mwana wagwa panjinga. Koma ndi mwendo wokha, achira."

Bambo Edson anayang'ana namwino. Namwino anagwedeza mutu. Pamenepo misozi imene bambowo anaimeza kuyambira m'mawa inatsika yokha.

"Za mwendozo ndine ndinamutuma Allan kuti akuuzeni, Nangozo. Ndimafuna mufike kuno kaye, akuyezeni, ndipo namwinoyu ndinamuuziratu pafoni. Sungani watisiya pamsewu pomwepo."