Kasilinda Konyowa

Magetsi atazima usiku, mayi wamasiye anatenga ketulo ya madzi ofunda kukaona gasi wotsala m'kasilinda pakhonde. Malemu mwamuna wake ndiye anamuphunzitsa: thira madzi m'mbali, sisita mpaka pozizira, gasi walekeza pamenepo.

Atakakhudza mumdimamo, kanali konyowa kale, kofunda. Ketulo inali yodzaza m'manja mwake.

"Amayi, mwathirako madzi kunoku?" mayiyo anafunsa apongozi ake amene ankakhala nawo.

"Ine? Ndi miyendo yangayi?" anayankha apongoziwo ali m'chipinda.

Mayiyo anatsitsa chikhato pachitsulocho. Pamwamba pofunda, pakati pofundanso. Chakumunsi anapeza pozizira ndithu, koma sichinali chitsulo. Zinali zala. Zinamugwira dzanja n'kulitsitsa pang'ono, monga ankachitira malemuwo iye akaphonya.