Pamene Mayi Anasiyira Kagudumu

Panali munthu wina, mmisiri wokonza matelesikopu akale, zida zoonera mwezi ndi nyenyezi zija. Akasuzumira pawindo la chipinda chake ankangoona khoma la nyumba ina ndi mipope ya madzi, pamene kale ankaona khonde lotakasuka, zovala pachingwe, ndi mkazi wake atawerama pa telesikopu, magalasi a m'maso atawakwezera pamutu. Akuti nkhaniyi inachitikadi.

Mkaziyo atamwalira, mmisiri anagawa katundu yense mofulumira n'kusamukira m'kachipinda kameneka. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amene ankagwira ntchito kutali, anapeza zovala za mayi ake zitapita kale, ngakhale mpango wosatsala. Kuyambira pomwepo anasiya kubwera. Akaimba foni, unali moni basi.

Chimene chinatsala ndi telesikopu ya mayiyo. Inkakhala pakona itafunda nsalu, penti itakanganuka, miyendo yake itatu ikugwedera, girizi wa m'magiya atauma gwa. Pafupi ndi poika diso panali kagudumu ka mkuwa kamene munthu amapotokola mpaka zinthu zioneke bwino kwa diso lake. Kagudumuko kanauma pomwe mayi anakasiyira tsiku lomaliza. Mwamuna wake akaikapo diso ankangoona chifunga, poti maso a malemuwo sankaona patali.

Tsiku lina foni inalira.

"Bambo, ndibwera mwezi wamawa. Telesikopu ya amayi ikadalipo?"

"Ilipo, mwana wanga."

"Musaikhudze. Ndikufuna ndidzaike diso pamene amayi anasiyira."

"Ndamva."

Mmisiri anasesa, anachapa makatani, anagula kapu yachiwiri. Koma atavundukula nsalu ija, manyazi anamugwira. Iye amene anthu ankamubweretsera matelesikopu a agogo awo ali zidutswazidutswa, n'kuwabwezera akuwala, alandire mwana wake ndi chinthu chotuwa chonchi?

Mlamu wake, mchimwene wa malemuwo, anamupeza atayala nyuzipepala pansi, masipanala ali pamzere.

"Alamu, mwayambanso? Inu manja anu ali ndi nyerere. Paja munakonza wailesi yanga yamoyo ija mpaka kuipha."

"Wailesi ija inabwera kuno ikudwala kale. Apa ndingopukuta fumbi."

"Fumbi amapukuta ndi sipanala? Mwana wanena kuti musakhudze. Wapempha chimodzi chokha, alamu."

"Inu za magiya mukudziwapo chiyani? Mwana aone mwezi, osati chifunga."

"Chabwino. Mudzamva nkhwangwa ili m'mutu," anatero mlamuyo akutola chipewa.

Mmisiri anayamba ndi miyendo, kumanga zomasuka zokha. Miyendo italimba, magiya anayamba kumuwawa m'maso. Anawamasula, anawaviika m'palafini, anapaka girizi watsopano. Magiya atawala, penti yakale inaoneka ngati chipere. Anaipala yonse ndi sandipepa, ngakhale pamalo pamene chikhatho cha mayi chinkagwira mpaka chitsulo kuonekera, n'kupaka yoyera mbee.

Kunatsala kagudumu. Anakayang'ana nthawi yaitali.

"Kadontho ka oyilo si kukhudza," anadziuza.

Anadontheza, anayesa ndi zala ziwiri, kagudumu kanamasuka. Anatulutsa telesikopu pabwalo, monga ankachitira ndi iliyonse akamaliza, anaika diso n'kupotokola osaganiza n'komwe, mpaka mlongoti wakutali unaoneka bwinobwino, ndi mbalame yotera pamwamba pake yomwe. Mtima wake unakhala pansi.

Tsiku lija litakwana, mwana anafika masana. Anapereka moni, analandira tiyi, koma maso ali pakona.

"Ili kuti, bambo?"

"Ili pabwalo, ndakukonzera. Tiye."

Mmisiri anachotsa nsalu monyadira. Mwana anayandikira. Anayendetsa dzanja pa penti yatsopano, akufunafuna malo ena ake, koma sanawapeze. Kenako anawerama n'kuika diso.

"Zikuoneka bwino kwambiri," anatero motsitsa mawu. "Awa ndi maso anu."

"Tsopano kakuyenda, mwana wanga. Ungopotokola mmene ukufunira."

"Ndikapotokola ndipeza panga, bambo. Pa amayi ndipapeza bwanji?"

Mmisiri anayang'ana kagudumu kaja.

"Mwaikonza bwino," anatero mwanayo akuwongoka. "Amene adzaigule adzasangalala."

Sanakalipe, sanalire. Anabwerera m'chipinda, anatenga chikwama chimene anali asanamasule n'komwe, anati ntchito ikumudikira. Bambo ake anamuperekeza mpaka pokwerera basi, akunena za girizi ndi dzimbiri, iye akungoti "Eya, bambo." Mpaka lero sanapondekonso pakhomopo.

Oyandikana naye akuti mmisiriyo akamaliza ntchito za anthu amatulutsa telesikopu ija n'kukhala yekha, kupotokolera uku, kupotokolera uko, kufuna chifunga chija. Koma chifunga chili mbali zonse ziwiri, ndipo palibe womuuza kuti ndi apa.

Phunziro: Si chilichonse chouma chimene chikufuna oyilo. Zina zimene omwalira anasiya zimaoneka zowonongeka kwa mmisiri, koma kwa mwana wamasiye ndi pamene dzanja la mayi ake linathera. Munthu akakupemphani kuti musakhudze, pindani manja, ngakhale luso likuyabweni bwanji. Tumizani nkhaniyi kwa abale, makamaka ife amene tinatsala tokha ndi katundu wa anzathu. Ndipo wina wa dzanja labwino ailembe papepala, chonde, poti za m'foni zimafufutika.