Mgolo Umene Unapha Bambo Anga ku Area 4

Ababa, inu mwagona, simungamvenso. Koma amoyowa amve.

Panali munthu wina ku Area 4, a Benedicto, wowotcherera zitsulo. Amenewo ndi bambo anga. Tsiku lina mng'ono wawo, a Shadrick, anabwera ndi mlendo, dzina lake Paxton, pa lole yodzaza migolo.

"Achimwene, mwayi ndi uwu," anatero a Shadrick. "Mudule mupange mbaula zootchera nyama. Mabwana a ku Area 11 akuzifuna."

"Munali chiyani umu?" anafunsa bambo.

Paxton anayankha: "Yachokera kunja, kumene amaswa miyala pansi pa nthaka kuti atulutse gasi. Munali mankhwala ogwirira ntchitoyo. Koma ndi yotsuka kale, madala, musaope."

Amayi anatsuka mgolo umodzi kuti azisungiramo madzi. Zotsukirazo anataya kuseri, abakha athu n'kumwa. Pofika masana onse anali gada. Manja a amayi anasupuka.

"Abambo a Zondiwe, bwezani zinthuzi," amayi anawachonderera bambo.

A Mansukh, amene bambo ankagulako zitsulo ku Old Town, anadzaona. Atanunkhiza anabwerera m'mbuyo. "Benedicto, iyi usayandikize moto."

Bambo anaseka, n'kuloza ine. "Ndinayamba kudula migolo mwana uyu asanabadwe."

Anayatsa makina odulira. Nthethe za moto zitangolowa mkati, mgolo unaphulika. Chivundikiro chinawang'amba nsagwada, moto unagwira ovololo. Anathamanga akuyaka mpaka kumsewu, anthu akungojambula pa mafoni. Ine Zondiwe ndinawagwetsa, n'kuwakwirira ndi mchenga. Powanyamula, khungu lawo linatsalira m'manja mwanga. Anatsirizikira panjira ya kuchipatala.

Phunziro: Mgolo umene simukudziwa kuti munali chiyani musaudule, musamweremo, ngakhale wobweretsayo akhale m'bale wanu. Akakuchenjezani, imvani.

Tumizani uthengawu paliponse mpaka uwapeze amene sanabwere kumaliro. A Mansukh anatseka sitolo, anabwera mpaka kumudzi. Koma iwe Paxton, foni unazimitsa. Inu bwana a ku Area 11, munangotuma dalaivala kudzafunsa ngati mbaula yanu inatha. Ndi inu a Shadrick, mimba imodzi ndi bambo anga: pamene ife timakwirira manda, inu munali pamsika kugulitsa migolo yotsalayo kwa azimayi, ati njosungiramo madzi akumwa.