Maroketi a Dokotala wa Mano

Ravshan anazika kachitsulo koimikapo roketi pakati pa bwalo louma, n'kubwerera m'mbuyo mapazi khumi ndi asanu monga kabuku ka malamulo kamanenera. Kumbuyo kwake alimi a mphesa a mudzi wonse anali atakhala pa makapeti, ali chete ngati mumzikiti. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe. Patatha zaka ziwiri akusakasaka malo, lero anali atawapeza, ndi owonerera omwe.

Ntchito yake inali yozula anthu mano mumzinda wa Namangan, koma mtima wake unali pa timaroketi ta katoni, totalika ngati mkono, timene ankamata yekha Loweruka lililonse. Tinali titakwana khumi ndi tiwiri, ndipo panalibe n'kamodzi komwe kamene kanalawako mlengalenga. Kubwalo la mpira anamukaniza chifukwa cha mawaya a magetsi. Kuminda ya thonje anati awatenthera mbewu. Kuchigwa china anamuuza kuti kumadutsa ndege. Wapolisi wina anamumvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako n'kumufunsa ngati kunyumba zonse zili bwino.

Kunyumbako zonse sizinali bwino. Mkazi wake Gulchehra sanapite m'mbali: timaroketito tikapanda kuuluka mwezi uno, tikhala nkhuni zophikira buledi, ndipo chipinda chimene amasungiramo timaroketito chibwerera kwa alendo. Mweziwo unali utatsala ndi masiku atatu.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Ravshan anaimba foni kamodzi kokha kwa wapampando wa alimi a mudzi uno, Mayi Muhabbat. Anadzitchula kuti ndi Dokotala Ravshan, ali ndi maroketi koma akusowa powombera. Mayiwo sanamulole n'komwe kumaliza. Mawa lake kalata ya chilolezo inafika ili ndi zidindo zitatu, zimene mayiwo anakazitsata okha m'maofesi. Ndipo m'mawa wa lero mayiwo anamuimbira, akupuma mwawefuwefu, kuti abwere msanga, lero lomwe.

Anthu a m'mudzimo anamulandira ngati mwana wawo wochokera kunkhondo. Anamukhazika pamthunzi, namuikira mpunga wa nyama ya nkhosa wodzaza mbale yaikulu, tiyi akungothira asanamalize wina. Nkhalamba zinkamugwira dzanja ndi manja awiri, zina zikumudalitsa. Munthu amene kwawo ana ankawoloka msewu akamuona sanazolowere zoterezi, ndipo zinamulowa m'mutu msangamsanga. Anaona poyera kuti anthu ozindikira kufunika kwa sayansi ali kumudzi. A m'tauni amangodziwa kuseka anzawo.

Chimene chinkamudetsa nkhawa chinali thambo. Chakumapiri mitambo inali itada bii, ndipo inkabwera mosazengereza. Kabuku kake kankaletsa kuwombera nyengo ikakhala chonchi.

"Muhabbat-opa," anatero monong'ona, powatchula mwaulemu ngati achemwali, "bwanji tidikire mawa? Kumwambaku sikukuoneka bwino."

Mayiwo anaseka mpaka kugwira nthiti, natembenukira kwa anthu awo.

"Mwamva nthabwala za anthu ophunzira? Akuti tidikire kuche bwino." Mudzi wonse unaseka nawo. "Yambani, adokotala. Anthuwa asiya ntchito chifukwa cha inu."

Ravshan nayenso anaseka, ngakhale sanadziwe chimene chinali choseketsa. Mwina kumudzi mantha ndi chinthu chochititsa manyazi. Ndiponso mphepo inali isanayambe, bwalo linali lalikulu, madzi ozimitsira moto anali pafupi mu ndowa ziwiri. Mawa la munthu wotsala ndi masiku atatu silidalirika.

Anasankha karoketi kofiira, kamene anakamata miyezi inayi. Anakaveka pa kachitsulo kaja, n'kulumikiza timawaya. Anachenjeza onse kuti asayandikire. Anawerenga chobwerera m'mbuyo kuyambira pa zisanu, mokweza, kenako anadina batani.

Kanangoti fyuu, kusiya kamzere ka utsi woyera. Kanakwera, kanakwera, mpaka kuoneka ngati ntchentche. Pamwambapo kanaphulika pang'ono, kaambulera kake kanatambasuka, ndipo kanatsika pang'onopang'ono kakugwedezeka, n'kutera bwinobwino pafupi ndi ndowa.

Ravshan analira, misozi yeniyeni, osachita nayo manyazi. Zaka ziwiri za kunyozedwa zinali zitatha m'kanthawi kosakwana mphindi imodzi. Ankaona kale mmene azibwerera kuno mwezi ndi mwezi, mwina ndi Gulchehra yemwe, atakhala pa kapeti yakutsogolo.

Anatembenuka kuti anthu amuombere m'manja. Panalibe woomba. Anthu ankangomuyang'ana, ena akusuzumira galimoto yake. Iye anawamvetsa. Munthu akaona chodabwitsa koyamba, pakamwa pamauma.

Mayi Muhabbat anadzuka, namusisita paphewa.

"Kakang'ono koyesera mphepoko kayenda bwino, adokotala. Tsopano tulutsani yaikulu ija, yophwanya matalala m'mitambo, ngati imene anzanu a boma ankabwera nayo kale. Fulumirani, chifukwa titamva kuti mukubwera mphesa zonse sitinaziphimbe."

Ravshan anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo matalala oyamba anayamba kugogoda padenga la galimoto yake.