Tiwo Wapeza Ntchito Kunja

"Dinani apo, amai. Osayang'ana ine, yang'anani foni."

Mai Sophia anadina. Pa foniyo panatuluka mapu a komboni yawo ya Chawama, ndipo timadontho tabuluu tinkasonyeza mipope imene inali kutuluka madzi tsikulo. Pulogalamuyo anaipanga ndi mwana wawo wamkazi Tiwo, yemwe anali kumaliza maphunziro a zamakompyuta ku koleji. Tsopano anali kujambula chala cha mai ake kuti olemba ntchito aone kuti ngakhale mzimayi wogulitsa zitenje angathe kuigwiritsa ntchito.

Tiwo anali ndi tsamba pa intaneti pamene ankayalapo ntchito zake ngati tomato pamsika. Panali ya madziyo, ina yokumbutsa odwala nthawi yomwa mankhwala, ina ya kwaya ya kutchalitchi. Magetsi akathima ankanyamula laputopu yake yong'aluka pakona kukapempha moto kwa ometa tsitsi, amene anali ndi jenereta.

Mayeso anatha. Chikondwerero cha kukoleji chinabwera n'kupita. Tiwo anatumiza tsamba lija kumakampani onse amene ankawadziwa mu Lusaka, koma kunali zii. Anzake a m'kalasi anali atalowa kale ntchito m'timabokosi totumizira ndalama pa foni m'mbali mwa msewu wa Kafue. Iye anayamba kudya pang'ono, kulankhula pang'ono. Ankakhala pakhonde n'kumatsegula tsamba lake kuti aone ngati wina walicheukira. Mai Sophia ankamuyang'ana akudandaula chamumtima, osadziwa pogwira.

Kenako Edwell anaimba foni.

Edwell anali mwana wawo woyamba. Nayenso anaphunzira zamakompyuta, ndipo chaka chapitacho anapita ku Asia kukagwira ntchito pa kampani ina. Sankaimba kawirikawiri, ndipo akaimba ankafulumira. Koma tsiku limenelo anali ndi nkhani.

"Amai, naonetsa mabwana banga vinthu vamene Tiwo anapanga. Bavikonda maningi. Bamufuna."

Patapita masiku ochepa, bambo wina wovala tayi anacheza ndi Tiwo pa kanema wa pa laputopu. Anamufunsa za pulogalamu ya madzi ija, mmene anaiyambira, pamene inamuvuta. Tiwo ankayankha mosadodoma, nkhope ikuwala. Mai Sophia anaimirira kuseri kwa katani atagwira pakamwa. Chizungucho sanachimve chonse, koma anamva kuti mwana wawo akumulankhula mwaulemu. Bamboyo anati tikiti ya ndege ndi malo ogona zonse ndi za kampani.

Komabe mtima wa mai sugona. Kutchalitchi abusa anali atachenjezapo za ana amene amaitanidwa kunja n'kusowa ngati singano mumchenga. Edwell ataimbanso, mai Sophia anamufunsa mosapita m'mbali.

"Iwe, ni ntchito ya zoona iyi? Uyu ni mwana mkazi."

"Amai, si ine nili konkuno? Nizamulandila neka."

Mai Sophia anachita manyazi ndi funso lawo. Chibale n'fupa, sichiola. Ngati panali munthu woti angamusungire Tiwo, ndi Edwell, mlongo wake amene anam'bereka kumsana ali khanda. Anasankha zitenje ziwiri zokongola koposa pa katundu wawo wa kumsika wa Kamwala, namuikira m'chikwama. Tiwo anawakumbatira pageti, nanena kuti akangokhazikika adzawachotsa m'nyumba yawo yodontha.

Uthenga unabwera umodzi: "Nafika bwino." Pambuyo pake foni yake sinapezekenso. Ya Edwell nayonso. Mai Sophia ankadziuza kuti ntchito yatsopano ndi yotangwanitsa. Kwa oyandikana nawo ankati, "Bana banga bonse babili bali kunja," ndipo amai anzawo ankawauza kuti Mulungu wawakumbukira.

Masana ena akuyanika zovala, geti linalira. Anatembenuka. Panaima mwamuna woonda, wometa mpala, malaya akulendewera m'mapewa. Analibe chikwama. Mai Sophia anamuyang'ana kawiri asanamuzindikire.

"Edwell! Mwana wanga!"

Anataya beseni, namuthamangira. Anamugwira kumaso, m'manja, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndiye kuti am'patsa tchuthi! Kuonda si kanthu, zakudya za eni ake n'zachilendo, pakhomo pano anenepa. Anaitana oyandikana nawo kuti adzaone, anakoka mpando, anatuma munthu kukagula nkhuku. Edwell sanakhale pampandopo. Anakhala pansi, pafumbi, atatsamira khoma.

"Nanga mlongo wako wamusiya bwanji? Azolowela? Mabwana bamukonda?"

Edwell sanadzutse mutu. Manja ake anali pa mawondo, ndipo mai Sophia anaona kuti zala ziwiri zinapola zitakhota.

"Kulibe kampani kuja, amai," anatero motsitsa mawu. "Ni mpanda wa waya na mfuti. Bakukhazika pa kompyuta kuti uzinamiza banthu, ukakana bakumenya."

Madzi a m'beseni lija anali kuyenderera kulowera kugeti.

"Manje iwe wachoka bwanji?" anafunsa mai Sophia.

"Munthu sachoka kuja, amai, pokhapo ngati wabweletsa wina wodziwa kompyuta kupambana iye."